Juzi ya Mzere Wokhota

Anzanga, Styrmir ndinakumana naye m'dziwe la madzi otentha kwathu ku Reykjavík, chipale chofewa chikutigwera m'mutu.

"Chemwali, mwakhala pamalo panga," anatero.

"Munagula dziwe lonseli?" ndinamufunsa.

Anaseka, ine kupusa n'kuyambira pomwepo.

Ankagwira ntchito m'sitima ya nsomba kum'mawa, m'tauni ankabwera mwa apo ndi apo. Miyezi yonse yozizira, dzuwa losaoneka kwenikweni, ndinathera kumulukira juzi ya ubweya wa nkhosa, yotuwa, ya mizere yobiriwira m'khosi. Pamkono wamanzere ndinalakwitsa, mzere umodzi unakhota. Sanaivale nthawi yaitali, akuti yagwera m'nyanja. Ndiye ine n'kumamupepesa, imagine!

Kutafunda tinanyamuka pa galimoto yanga kuzungulira dziko lathu lonse. Ku mathithi a Skógafoss tinanyowa mpaka zamkati, tikungoseka. Ku nyanja ya Jökulsárlón, tikuonera miyala ya ayezi ikuyandama, anandigwira dzanja.

"Sunneva, mphete ndidzakuvekera pompano, babe."

Ndinalira ndi chimwemwe, anzanga. Ine ndiye!

Titayandikira katauni ka kum'mawa ka Djúpivogur munthu anayamba kutekeseka.

"Pano tisaime, palibe choona."

"Ine ndikufuna ayisikilimu, ndipo galimotoyi ndi yanga."

Panja pa kafe panali kangolo koyendetsera mwana, khanda likugona pamphepo mayi ake ali mkati, monga tonse tinkagonera tili ana. Ndinasuzumira kuti ndione kankhope kake...

Mwana anamufunditsa juzi yotuwa. Mizere yobiriwira. Ndinatembenuza mkono wamanzere, mzere wokhota uja uli pompo.

Chitseko chinatseguka, kunatuluka mtsikana atanyamula khofi.

"Styrmir! Suja unati sitima ifika Lachisanu? Awa ndi ma tourist umawayendetsa aja?"

N'kundipatsa moni m'Chingerezi, ine wobadwira konkuno! Styrmir anangoti kukamwa yasa, maso ali pa nsapato.

"Juziyi ndi yokongola, munaigula kuti?" ndinafunsa m'chilankhulo chathu.

"Analuka ndi apongozi anga, amayi ake a bambo a mwanayu," anatero akuloza Styrmir. "Mwana sagona popanda imeneyi."

Mtima unandiwawa mpaka m'mano. Ndinkafuna kuitsomphola juzi yanga, koma mwana anali atakumbatira mkono wa mzere wokhota uja m'tulo. Analakwa chiyani iyeyo?

"Sunneva, dikira ndikufotokozere..."

"Ufotokozere akazi ako, galu iwe."

Chikwama chake ndinachiponya m'matope. Mtsikana uja khofi anali atamutayikira pamiyendo, akungotiyang'ana mosinthanasinthana.

Theka la dziko lotsalalo ndinayenda ndekha, sindinaime pa mathithi ngakhale amodzi. Mpaka lero singano zolukira sindizikhudza. Zala zanga zinachita matuza, anzanga, ndikulukira mwana wa mkazi wina chofunda.