Nyali Zitatu Uku, Zitatu Uku

Injini ya galimoto ina inkalira mozama ngati ng'oma yaikulu yoimbidwa m'nyumba yotseka. Ndinaimva ndili ndi agogo amene anandilera, tikugulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba. Kenako galimotoyo inatulukira, yaitali, yotakata, chiwongolero chili kumanzere. Inaima itatipitirira pang'ono, ndipo ndinaona kumbuyo kwake: nyali zozungulira zitatu uku, zitatu uku.

Bambo anamwalira ndili khanda. Ndinali ndi chithunzi chawo chimodzi chokha, atatsamira kumbuyo kwa galimoto imene ankanyamulira akwati, ndipo nyali zimenezo ndinali nditaziwerenga kambirimbiri. Ndinkafunitsitsa kudziwa ngati inali yomweyo.

Mwini wake, mkulu wa imvi, anatsika kudzagula. Ine amene sindinkalankhula ndi alendo ndinangoti, "Iyi ndi Impala ya ku America. Zinzake zofanana nayo zimakhala ndi nyali ziwiriziwiri."

"Iwe wadziwa bwanji, chizindikiro chinagwa kalekale?"

"Bambo anga ankayendetsa yotere. Bampala yake inali yopindika kumanja."

Mkuluyo anayang'ana bampalayo, anayang'ana ine, kenako agogo. "Mayi, uyu ndi mwana wa dalaivala wanga uja?"

Agogo anavomera ndi mutu.

"Anaipinda yekha ku Mtiya, akubwerera m'mbuyo akwati ali momwemo," anatero mkuluyo akuseka. "Sindinafune kuiwongola."

Anatsegula buti, natulutsa chipewa chakuda cha udalaivala chothetheka m'mphepete, chimene bambo ankavala. Anachiika m'manja mwanga, analiza injini n'kupitiriza kukwera phiri.