Ndinatumiza Awiri, Wachitatu Ndinamusiya

Chaka chimenecho ndinali matroni wa hositelo ya atsikana ophunzira unamwino pa chipatala china cha mishoni kwathu ku Chiradzulu. Tinalandira ophunzira atatu akunja oti akhale nafe miyezi isanu ndi umodzi: azungu awiri a ku Ulaya ndi mtsikana mmodzi wa ku Mozambique, kutsidya kwa Muloza.

Mtsikanayu anandilowa mumtima tsiku loyamba lomwe. Chilomwe chake chinali chenicheni, osati changachi chongotolatola. Kuwodi, nkhalamba zokana mankhwala zinkamwa iye akangozilankhula m'chiyankhulo chawo. Titafunsana za makolo, tinapeza kuti anachokera phiri limodzi. Basi, ine kumamuti mwana wanga, iye kumanditi amayi.

Kenako ku ofesi ya sukulu kunafika kalata. Inkati ophunzira onse ochokera kunja akalembetse ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ku Blantyre mwezi usanathe, atatenga pasipoti ndi kalata ya sukulu. Akalaliki anandipatsa ine kuti ndikonze ulendowo. Nditawerenga mawu oti "ochokera kunja," m'maso mwanga munangobwera azungu awiri aja. Ndinawaitanira akabaza, nkuwalangiza kuti asasochere mu Limbe.

Mwana wanga anaima pakhomo, pasipoti ili m'manja.

"Amayi, nanga ine sindipita nawo?"

"Iwe wachokera kunja kwake kuti? Makolo athu anabwera kuno wapansi, mitolo ili pamutu. Anawalembetsa ndani? Khala, kuwodi kukusowa anthu."

Anaseka, nkukabweza pasipoti m'sutikesi. Ine ndine munthu woti ndikanena ndanena, ndipo atsikana onse ankadziwa zimenezo. Ofesi ya sukulu inali pafupi pomwepo, koma sindinapite kukafunsa. Paja amati safunsa anadya phula.

Panapita miyezi inayi. Lachisanu lina masana akalaliki anandiitana.

"Amatroni, mapepala olembetsera ndili nawo awiri. Lachitatu lili kuti?"

Kunali kutatsala milungu itatu kuti mtsikanayo alembe mayeso, ndipo popanda mayesowo chaka chake chonse chinali chopita m'madzi.

Ku Blantyre sakanatithandiza mpaka Lolemba. Masiku awiri amenewo mpando unkandiwotcha. Ndinasesa khonde losesa kale. Ndinakalipira atsikana chifukwa cha ndowa imene ndinaisiya panjira ine ndemwe. Lamulungu ndinatuluka m'tchalitchi ulaliki uli pakati, nkumangozungulira kuseri kwa khitchini. Mwana wanga sanandinene kanthu, ankangowerenga mabuku ake. Zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Lolemba tinalawirira. Minibasi inkaima paliponse, ngakhale pomwe panalibe munthu, mpaka ndinakangana ndi kondakitala. Pabenchi la ku ofesi kuja ndinkangoimirira nkukhala, kuimirira nkukhala.

Amene anatithandiza anali mayi waulemu wake. Anatsegula pasipoti, nkuwerenga masiku ndi chala.

"Nthawi yolembetsa inadutsa kale, chilolezo chake chilibenso mphamvu. Ayenera kutuluka sabata ino, akapemphe china ali kwawo."

"Bwana, wolakwa ndine. Mwanayu ndi wathu, magazi amodzi. Mayeso ali pafupi."

"Ndikukumvani, mayi. Nanenso ndili ndi abale kumeneko. Koma pasipoti ikunena zina."

Ndinafunsa ngati chilolezo chatsopano chingatuluke mayeso asanafike. Anangopukusa mutu.

Lachinayi ndinamuperekeza ku depoti ya ku Limbe. Ndinamunyamulira sutikesi, ndinamugulira nthochi, ndinkalankhula zambirimbiri zopanda mutu kuti pasakhale chete. Ndinkati abweranso chaka chamawa, bedi lake ndimusungira. Iye ankangoyang'ana basi ya ku Muloza ikudzaza. Ndinali ndi manyazi amene sindinakhalepo nawo chibadwire.

Atakwera, anatsegula windo.

"Amayi, sindikukwiyirani. Munandikonda, ndikudziwa. Koma mukanandiona ngati mlendo, bwenzi ndikulemba mayeso."

Basi inanyamuka. Sanabwerenso.