Magalasi amene ndinasankhira Esinati

Ndikukumbukira bwino kuti Esinati, mwana wanga wachisanu, anali ndi zaka khumi pamene aphunzitsi ake anandiitanitsa. Inali nthawi ija sukulu itangokhala yaulere, ana atasefukira m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pa Njuli panalibe munthu wosadziwa mawu anga. Ndinavala jekete n'kupita, ndikuganiza kuti mwana wapalamula.

"Sanapalamule ayi," anatero aphunzitsiwo, mayi wina wofatsa. "Mwanayu saona pabolodi. Amangokopera m'kope la mnzake. Mnzakeyo akalakwitsa, nayenso walakwitsa."

Amalume anga anamwalira ali akhungu, ndipo ndinkawaona mmene ankapapasira khoma pofuna chitseko cha nyumba yomanga okha. Ndinati mumtima, zimenezi zisafike pa mwana wanga.

Ndinamukweza panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni. Adokotala a maso anamuveka chinthu chachitsulo pamphuno n'kumasinthasintha timagalasi, uku akumulozera zilembo pakhoma. Atafika pa galasi lina, mwana anatembenukira pawindo n'kuseka. "Ababa, ndikuona masamba a mtengo limodzilimodzi!"

Magalasi ake atabwera, ndinawatenga m'manja n'kuwayang'anitsitsa. Anali okhuthala ngati pansi pa botolo. Nditawayesa ine, mutu unazungulira pompo. Apa m'pamene nzeru zanga zinayambira.

Ine ndine mlimi. Ndinaona ndi maso angawa zimene feteleza amachita. Munda ukaulawitsa thumba limodzi, chaka chamawa umafuna awiri, ndipo ukasiya kuthira subereka n'komwe. Ndiye ndinati diso nalonso n'chimodzimodzi: ukalipatsa galasi lamphamvu lichita ulesi, lizifuna lamphamvu kuposa pamenepo, mapeto ake n'kufa. Bola kulipatsa lofookerapo kuti lizigwirako ntchito palokha.

"Bambo ake Esinati, kodi udokotala munauphunzira liti?" anandifunsa mkazi wanga.

"Mwana ndi wanga, maso akenso ndi anga," ndinamuyankha, moti apakhomo loyandikana anamva. Magalasi aja ndinawatsekera m'bokosi la zovala, kiyi m'thumba.

Loweruka ndinapita ndi Esinati ku Limbe. Pamsika panali bambo wina woyala magalasi akale pachiguduli, ndipo tinayesa ambirimbiri mpaka ndinapeza opyapyala. Ndinamulozera basi imene inaima patali.

"Ukuiona?"

"Ndikuiona, ababa."

"Bwinobwino?"

Anayang'ana pansi. "Pang'ono."

"Pang'onopo m'pabwino. Kwinako diso limalize lokha."

Chaka chonse chimenecho mtima wanga sunakhale pansi. Ndinkamuyang'ana mwakabisira akamasesa pabwalo, akamatsinzinira maso pofuna kudziwa amene akubwera panjira. Akaweruka kusukulu ankadandaula mutu. Ine n'kumadzilimbitsa mtima kuti ngakhale dzanja limayamba latuluka matuza lisanazolowere khasu. Mayeso atabwera analephera, anzake n'kupita sitandade faifi, iye n'kubwereza. Ndinati ndi ulesi.

Kenaka mchemwali wanga anabwera ndi dandaulo. "Achimwene, mwana wanu wayamba matama ndi timagalasi take. Wandidutsa panjira maso ali gwa, moni osapereka, ngati ine ndine chitsa." Kwathu kuno mwana wodutsa azakhali ake osagwada amachititsa manyazi mtundu wonse. Ndinamukalipira Esinati mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Misozi inkangoyenderera pansi pa magalasi ndinamusankhira aja.

Patapita masiku ochepa, ndinali chiimire m'mbali mwa msewu wa tala pa Njuli, dzuwa lili pamutu. Ndinamuona Esinati tsidya linalo akuchokera kuchigayo, ufa uli pamutu. Ndinakweza dzanja. Anayang'ana kumene ndinali, maso ake n'kundipitirira. Ndinavula chipewa n'kumachikupiza m'mwamba. Ayi ndithu. Kenaka anapendeketsa mutu, khutu kumsewu, ndipo ndinazindikira kuti mwanayu amawoloka msewu ndi makutu. Lole inali itangodutsa ndi phokoso lake, kumbuyo kwake kukubwera minibasi ili paliwiro. Iye anaponda tala.

Ndinakuwa dzina lake ndi mphamvu zanga zonse. Anadumphira m'mbuyo, ufa n'kumwazika, minibasi n'kudutsa ikuliza belu. Anaima mu ufamo akutembenukira uku ndi uku.

"Ababa, muli pati?"

Ndinali pafupi, poti ukaponya mwala umafika.

M'mawa mwake ndinatsegula bokosi lija, ndinatenga magalasi onse awiri, ulendo wa kuchipatala ndi mwanayo. Ndinaulula zonse, mawu ali pansi. Adokotala sanandikalipire. Anamuyezanso mwana, kenaka anati ngakhale a m'bokosi aja tsopano amuchepera mphamvu.

"Nanga bwanji, poti sanawavale n'komwe?" ndinafunsa.

"N'zimene ndikufuna muone, bambo. Diso la mwana wotereyu limasintha pamene iye akukula, avale magalasi kaya asavale. Galasi silidyetsa diso, silidyanso diso. Limangomubweretsera pafupi zinthu zakutali. Lofooka silimulimbitsa ayi, limangomusiya m'chifunga."

"Achita khungu?"

"Sindikuona choncho. Muzibwera naye chaka ndi chaka. Ambiri akakula zimakhazikika."

Panatsala funso limodzi, ndipo linandivuta kutulutsa. "Kodi anga aja ndi amene awonjezera vutoli?"

"Zimenezo sindingalumbire. Chimene ndikudziwa n'chakuti sanamuthandize chilichonse."

Zinayenda monga ananenera. Esinati anasintha magalasi kangapo, atafika pausinkhu wa utsikana wamkulu maso anaima pamodzimodzi. Lero ali pabanja, amasoka zovala, ulusi amalowetsa yekha pasingano.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti mantha anandipusitsa, ine n'kumawatcha nzeru. Ndinkaopa khungu limene linali lisanabwere, ndiye ndinamuyendetsa mwana wanga mosaona chaka chathunthu, mankhwala ake ali m'bokosi, kiyi ili ndi ine. Kalasi limene anabwereza lija sanalephere iye, ndinamulepheretsa ndine. Ndipo funso limene adokotala anakana kulumbira lija ndidakali nalo. Esinati sanandifunsepo, ngakhale tsiku limodzi. Akabwera kudzandiona amagwada n'kundipatsa moni, ine n'kumayang'ana kukhuthala kwa magalasi ake, n'kumadzifunsa kuti pamenepa gawo langa ndi lalikulu bwanji.