Kutupa kwa Lonjezo sikunali tsempho

Lonjezo anali ndi miyezi isanu ndi iwiri pamene ndinaona tizala take titatupa. Munali mu Juni, nthawi yokumba mtedza, chaka chotsatira njala ija ya 2002. Ndinamutsitsa kumbuyo kuti ndimuyamwitse kumunda konko, ndipo nditangogwira kadzanja kake anakuwa ngati ndamubaya ndi singano. Tizala tonse tinali titafufuma, tonyezimira, totentha. Ndinasuzumira pakati pa tizalato kuti mwina walumidwa ndi kachirombo, osaona kanthu. Pofika madzulo mapazi nawo anali atatupa, thupi lili moto, bere akungolilavula.

M'mawa mwake ndinapita naye kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno kwa Zulu. Anamupatsa mankhwala a malungo ndi panado, ndipo patapita masiku asanu kutupa kunaphwa. Anandiuza kuti zikayambiranso ndipite naye ku boma, koma mawu amenewo ndinawasiya pakhomo pa chipatala pomwepo. Mwana anali akuseka, ine ndinati basi zatha.

Zinayambiranso mu Ogasiti, mphepo itazizira masiku atatu otsatizana. Manja onse awiri, mapazi onse awiri, ndipo kulira kwake kunali kosalekeza, kumunyamula kulira, kumugoneka kulira. Amayi anga anabwera, anagwira phazi limodzi, analitembenuza, kenako anandiyang'ana ine.

"Iwe, uku si kudwala kwa kuchipatala. Mwanayu wasemphedwa."

Kwathu kuno amati mwana akadali wa m'manja, bambo kapena mayi akayenda ndi munthu wina n'kubwera kudzagwira mwanayo, mwana amatupa. Tsempho ndi limenelo. Ine ndinkadzidziwa kuti sindinapite kulikonse. Ndiye panatsala mwamuna wanga, a Gelesomu, amene anali mkamwini pamudzi pathu. Masiku amenewo ankanyamula katundu wa amalonda panjinga kuboda, ndipo nthawi zina ankagona konko masiku awiri kapena atatu.

Atsibweni anga a Layitoni, eni mbumba, anaitanitsa bwalo la pakhomo. Tinakhala pamkeka, mwana ali pamiyendo panga akulira.

"Akamwini, kuboda kuja mumagona pati?"

"Pakhonde pa sitolo, ndi anzanga. Njinga ndimachita kuimangirira kumwendo."

"Ndiye njingayo ndi imene yatupitsa mwanayu eti?"

A Gelesomu anakana tsiku loyamba, anakananso lachiwiri. Mayi amene anabwera ndi mizu ya tsempho anati mankhwala ake sagwira ngati bambo sanavomere. Tsiku lachitatu Lonjezo analira mpaka mawu kutha, kukamwa kuli yasa koma osamveka kanthu. Mwamuna wanga anadzuka pamene anakhala, anati, "Chabwino, ndavomera. Mpatseni mwana mankhwalawo." Sanandiyang'ane. Inenso sindinafunse dzina la mkaziyo.

Mwana anamwa mizu ija, ndipo patapita sabata kutupa kunaphwa. Aliyense anati mwaona. Palibe anakumbukira kuti ulendo woyamba uja kunaphwanso popanda mizu, ngakhale ine amene ndinali naye. Atsibweni anauza a Gelesomu kuti ayambe apita kwawo kwa Mavwere. Anamanga zovala zawo pakaliyala, anaima pang'ono pakhomo, ine ndili m'nyumba osatuluka, kenako ndinamva tcheni cha njinga chikulira.

Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, Lonjezo anadwala kudwala kwina. Sanatupe kwambiri ayi, koma anafooka. Mwana amene anali atayamba kuimirira pogwira mpando anasiya ngakhale kukhala pansi. Ndinkamuyang'ana nthawi iliyonse, m'manja mwake muli mbuu, milomo yoyera, m'maso mwachita chikasu, mimba mbali ya kumanzere yolimba ngati muli mwala, kupuma kwake kothamanga ngati wa nkhuku yothamangitsidwa. Ndinadzifunsa kuti nanga tsopano wamusempha ndani, poti bambo ake anachoka miyezi itatu yapitayo ndipo sanamugwirepo? Amayi anati tidikire, atumize uthenga kwa mayi wa mizu uja. Ndinadikira masiku atatu. Lachiwiri la sabata imeneyo m'mawa ndinaona mutu wake ukungolendewera, ndinamubereka osauza munthu, ndinathamangira kumsewu kukakwera matola.

Tinafika kuchipatala cha pa boma dzuwa lili pamutu. Mzere unali wautali, azimayi atakhala pamabenchi ndi pansi pomwe, mabuku a kusikelo ali m'manja. Anamwino ena ankadutsa akuyang'ana ana mmodzimmodzi. Atafika pa ine anatsitsa chikope cha Lonjezo, anatambasula kadzanja kake.

"Mayi, wakhala chonchi masiku angati?"

"Atatu."

Sanandikalipire. Anangomulanda m'manja mwanga n'kuyamba kuthamanga, ine pambuyo, chitenje chikumasuka. Anamutenga magazi pang'ono m'kabotolo, ndipo posakhalitsa anabwera kudzati magazi amuthera m'thupi, afunika kumuwonjezera tsiku lomwelo. Mtsempha unavuta kuupeza. Anayesa m'manja, anayesa kuphazi, mapeto ake anamumeta pambali pa mutu n'kubaya pamenepo. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuwerenga madontho, limodzi, lina, lina, ndikuyang'ana pachifuwa pake ngati pakukwerabe. Thumba la magazi litatsala pang'ono kutha, milomo yake inayamba kufiira. Dzuwa likupendeka anatembenuza mutu n'kufunafuna bere. Sindinalire pamene ankamubaya, koma pamenepo ndinalira.

Amayi ndi atsibweni anatipeza tsiku lomwelo. Achipatala anati wachibale mmodzi apereke magazi obwezera amene mwana walandira. Anapereka ndi atsibweni. Munthu amene anathamangitsa mkamwini ndi mawu okha anatembenuzira nkhope kukhoma ataona singano, anamwino mpaka kuwafunsa ngati nawonso afuna kuwabereka kumbuyo.

Moyo wa m'wodi ya ana ndinauzolowera msanga. Pabedi limodzi ana awiri, amayi awo kugona pansi pa bedi pomwepo. M'mamawa kutulutsa katundu yense kuti akolope, kenako phala, kenako mzere wa jekeseni, cha m'ma naini adokotala kuyendera odwala. Kwatsalako kunali kudikira. Ndinkayang'ana nkhope za anamwino akamawerenga kapepala ka Lonjezo, kuti ndione ngati akubisa kanthu.

Lachinayi adokotala anakhala pabedi pathu nthawi yaitali kuposa masiku onse. Anati magazi amene anatenga tsiku loyamba aja awapima, ndipo aonetsa matenda otchedwa siko selo. Anafunsa ngati mwanayo anatupapo manja ndi mapazi. Ndinafotokoza zonse, za Juni, za Ogasiti, za mizu. Kenako anafunsa ngati kubanja kwathu kunamwalirapo ana aang'ono otupa chimodzimodzi, a maso achikasu. Ine ndinati sindikudziwa. Amayi, amene anakhala pansi akusenda mtedza, anasiya kusenda.

"Awiri," anatero. "Alongo ake a uyu. Onse sanafike zaka zitatu. Ankati ndi tsempho."

Ndinkadziwa kuti ine ndisanabadwe kunali ana amene anapita, koma sindinkadziwa kuti anapita bwanji. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamvanso chifukwa chimene bambo anga anachokera pamudzi ine ndili wakhanda: nawonso anawathamangitsa pa mlandu wa tsempho.

Adokotala anati akufuna kuona bambo a mwana. Ndinawauza kuti tinasiyana, ndi chifukwa chake. Anati, "Aitaneni. Ine ndikufuna magazi awo, mlandu wawo sindikuufuna."

Uthenga unapita ndi wanjinga wina wa kuboda. Loweruka m'mawa ndinaona a Gelesomu ataima pakhomo pa wodi, ataonda, nthochi zili m'manja, akuopa kulowa. Lolemba anatitengera tonse awiri kuchipinda chopimira magazi. Bambo wa m'menemo anatibaya pachala, dontho lililonse analiika pakagalasi kake, anathirapo mankhwala, anavundikira ndi kagalasi kena kopyapyala n'kumata m'mbali monse kuti mpweya usalowe. Anati tikadikire panja. Tinakhala pabenchi limodzi, wina uko wina uko. Atatiitana anati tisuzumire tokha m'makina oonera tinthu tating'ono aja. Ine amene sukulu ndinalekezera Sitandade 6 ndinaika diso pamenepo. Poyamba anandionetsa magazi a munthu wina, timbulumbulu tozungulira bwinobwino. Kenako anga. Tina tozungulira, koma tambiri titapindika ngati chikwakwa chomwetera udzu. Kenako a mwamuna wanga, chimodzimodzi. Ndinabwerezanso kuyang'ana anga aja, chifukwa sindinakhulupirire kuti ine wosadwaladwala ndingakhale ndi zimenezo.

Adokotala anatisonkhanitsa anayi tonse, ine, a Gelesomu, amayi ndi atsibweni. Anapempha mtedza wa amayi uja, anasankhamo njere zofiira ndi zoyera. Anati munthu aliyense amabadwa ndi mbewu ziwiri za magazi, imodzi yochokera kwa bambo, ina kwa mayi. Mbewuzi sizioneka ndi maso, dzina lake la kuchipatala ndi majini, ndipo ndi za mtundu umodzi ndi zimene zimachititsa mwana kutenga mphuno ya bambo ake kapena msinkhu wa kuchikazi. Anandipatsa njere yoyera ndi yofiira, a Gelesomu chimodzimodzi. Anati wokhala ndi yoyera ndi yofiira sadwala, amangosunga, ndipo magazi ake amapindika pokhapokha atawatsekera mpweya monga anachitira pagalasi paja. Ndiye anati aliyense wa ife atseke m'manja, atulutse njere imodzi osayang'ana. Tinachita kangapo. Zoyera ziwiri, mwana wopanda kanthu. Yoyera ndi yofiira, mwana wosunga ngati ife. Ulendo wina zinatuluka zofiira zokhazokha.

"Uyu ndiye Lonjezo," anatero adokotala.

Anafotokoza kuti magazi opindikawo amatsekereza m'timitsempha tating'ono ta m'zala, n'chifukwa chake kutupa ndi ululu, ndipo amafa msanga, n'chifukwa chake magazi amatha. Kuzizira, malungo ndi ludzu ndi zimene zimadzutsa matendawa. Pa mimba iliyonse, njira imodzi mwa zinayi ndi ya zofiira ziwiri, ndipo mimba iliyonse imayamba payokha, siyang'ana kuti mwana wapitayo anatenga ziti.

Atsibweni anakanda m'mutu. "Ndiye wolakwa ndani apa, adokotala?"

"Palibe. Zimene munthu amachita kuboda ine sindingazione m'magazi, koma kutupa kwa mwanayu sikuchokera kumeneko. Njere ina yofiirayo yachokera m'mbumba mwanu momwemo, bambo. Mwina nanunso muli nayo."



Masana ake ndinapeza a Gelesomu kumpopi wa kuseri kwa wodi akuchapa matewera, azimayi akuwaseka. Ndinawafunsa kuti nanga munavomereranji chinthu chimene simunachite.

"Ankati mankhwala sagwira ndisanavomere. Mwana anali atasiya kutulutsa mawu. Ukanakhala iwe ukanatani?"

Ndinatenga thewera limodzi n'kuyamba kufinya.

Anatitulutsa titakhala masiku khumi ndi limodzi. Patapita miyezi itatu anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene kuli makina osiyanitsa wodwala ndi wongosunga, ndipo anatsimikiza zomwezo. Atsibweni mawu akuti pepani sanawatulutse, koma anapita okha kwa Mavwere ndi tambala m'khwapa, ndipo sabata yomweyo a Gelesomu anabwerera pamudzi. Amayi nkhani ya bambo anga saikamba. Kungoti mwezi uliwonse, tsiku la kuchipatala likayandikira, iwo ndi amene amayamba kundikumbutsa.

Pano Lonjezo ali ndi zaka zisanu. Sindinganame kuti anachira, matendawa sachoka, anabadwa nawo. Chigonekereni ulendo uja wagonekedwanso katatu, ndipo kamodzi anamuwonjezeranso magazi. Koma tsopano ndimadziwa chimene ndikulimbana nacho. Tsiku lililonse amamwa kapilitsi kachikasu kothandiza magazi, mwezi uliwonse jekeseni ndi mankhwala oteteza malungo. Amagona m'neti, mu Juni savula juzi, ndipo kabotolo ka madzi sikachoka m'manja mwake. Ndi wochepa thupi poyerekeza ndi anzake, koma pakamwa ndiye amawaposa onse. Ndimamuyang'anabe m'maso ndi m'manja m'mawa uliwonse, mpaka iye amangotambasula yekha ndisanamuuze. Mlongo wake Tiyanjane, amene mimba yake ndinaisenza ndi mantha miyezi yonse isanu ndi inayi, tinakamupimitsa ndipo ndi wongosunga. Akadzakula ndidzamuuza kuti iye ndi mwamuna wake akapimitse asanamange banja.

Azimayi anzanga, ndalemba izi chifukwa ndikudziwa kuti pamidzi pathu pano pali ana ena otupa tizala, ndipo pali mabanja ena akufunsana pamkeka. Adokotala akakufunsani za ana amene anamwalira kubanja kwanu, musabise, ndipo mutenge achikulire amene akuwakumbukira. Pemphani kuti apime siko selo, mwana ndi makolo onse awiri. Mukaona manja ndi mapazi atupa, m'maso mwachita chikasu, m'manja mwayera, musayambe mwaitana atsibweni. Berekani mwana tsiku lomwelo mukakwere galimoto, achibale akupezani konko.