Mankhwala a Adada Ataundana pa Kariba

Tinanyamuka kwathu ku Magodi Lolemba masana, pa njinga ziwiri. Adada anali patsogolo ndi chikwama. Ine anandikweza amalume pakaliyala, ndowa yaing'ono ili pamiyendo, ndipo ndinaifungatira ngati khanda mpaka paboma.

M'ndowamo munali kambiya kadothi kokwiriridwa mumchenga wonyowa mpaka m'khosi, ndipo m'kambiyamo munali timabotolo tiwiri ta insulini. Adada amadwala shuga. Amabayidwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo popeza maso awo saonanso timizere ta pajakisoni, wobaya ndine kuyambira ndili giredi naini. Kwathu kulibe magetsi. Anesi a ku kiliniki yathu ndi amene anatiphunzitsa za kambiyaka. Anati mankhwalawa azizizira, asatenthe, koma asadzaundane ngakhale kamodzi. Zaka zitatu kambiyaka sikanatilakwirepo.

Ulendowu unali mphoto. Adada anaposa alimi ena a mtedza m'dera lathu, ndiye kampani yomwe imatigulitsa mbewu inati opambana onse akasangalale masiku atatu pa boti yogonamo pa nyanja ya Kariba, aliyense ndi mnzake mmodzi. Amama anati madzi opanda tsidya iwo ayi. Kalata yoitana inabwera ndi fomu ya masamba atatu, ya Chingerezi, yofunsa za matenda ndi zakudya. Ndinailemba mosamala kuposa mayeso, zilembo zazikuluzikulu. Pansi pake panali lonjezo lakuti pabotipo pali wachipatala komanso wophika wodziwa zakudya za odwala. Ndinakhulupirira. Ndinali ndisanaonepo pepala losalala chonchija likunama.

Tinagona kwa ankhazi, alongo awo a Adada, pa Lundazi, ndipo Lachiwiri m'bandakucha tinakwera basi ya ku Lusaka. Kondakitala ataona ndowa anatambasula mkono.

"Iyo ku buti, sisi."

"Muli mankhwala," ndinatero.

"A kuchipatala, kapena aja enawo?"

"Aja enawo, mwana wanga," anayankha Adada osamwetulira. "Ukangogwira, mawa udzuka uli ndi mchira."

Basi yonse inaseka, ndipo ndowa inakhala pamiyendo panga.

Pa Chipata Adada anadya mbatata yophika ndi mazira awiri zimene Amama anatikulungira. Pa mlatho wa Luangwa tinafika dzuwa lili paliwombo, kukutentha ngati m'chigafa cha fodya. Ndinagula botolo la madzi n'kuwathira pamchenga. Mayi wina wogulitsa nsomba zokazinga anagwira pakamwa.

"Madzi ogula kumwetsa mchenga? Kwanu n'kuti?"

"Ku Lundazi."

"Ndiye mwalemera chaka chino!"

Ku Lusaka tinafika madzulo, n'kukumana ndi opambana anzathu. Mwa iwo munali Amayi Phiri a ku Katete, alimi a soya, a thupi lalikulu ndi mawu oti akalankhula pabwalo amamveka kudimba. Lachitatu m'mawa minibasi ya kampani inatitsitsa m'mapiri okhotakhota mpaka ku Siavonga, makutu akutsekeka, ndipo cha m'ma leveni tinaiona botiyo.

Inali yoyera mbee, ya nyumba ziwiri zosanjikizana. Pamwamba pake anamangapo kadziwe kosambira. Tangoganizani, anthu ali pakati pa nyanja, koma ayenera kunyamula kadziwe kawokawo. Pakhomo panaima woyang'anira ulendo, a Mwansa, atavala malaya oyera ndi magalasi akuda, akupatsa aliyense chipewa cha kampani. Anamwetulira kwa Adada, anamwetulira kwa ine, koma atafika pa ndowa kumwetulira kunatha.

"Ba sisi, chindowa ichi sichingankhale pano, chizaononga zithunzi. Muli chani?"

Ndinafotokoza zonse, mpaka za mchenga.

"Aaa, mchenga! Kuno tili na filiji, si kumunzi. Bweletsani, madamu."

Atsikana awiri onyamula zakumwa anaseka chakumbali. Apa ndiyenera kulemba choona, chifukwa kope lino sindilinamiza. Ndinachita manyazi. Mawu oti madamu anandikomera, ndipo mawu oti kumunzi anandiwotcha. Ndinatulutsa timabotolo tonse tiwiri n'kupereka kwa wophika, bambo wachikulire wa imvi. Ndinangoti, "Azizizira." Zoti asaundane sindinanene, poganiza kuti anthu okhala ndi kadziwe pa denga sangaphunzitsidwe za filiji ndi mtsikana wa ku Magodi. Komanso zinali pafomu. Ndowa anakaiika pansi pa masitepe pamodzi ndi zokolopera.

Chakudya cha masana chinabwera nthawi ya fili koloko, chifukwa tinayamba tajambulidwa kutsogolo kwa boti, kumbuyo kwa boti, titaloza nyanja, ndiponso titaloza nyanja tikuseka. Onse analandira mpunga, nkhuku, keke ndi zakumwa zotsekemera. Mbale ya Adada inabwera payokha, mwaulemu waukulu, ili ndi kapepala kolembedwa dzina lawo. Munali masamba anayi a letesi, nkhaka zodula mopyapyala moti mbale inkaonekera, ndi kachidutswa ka tomato. Pambali anaikapo tambula ya juwisi wothira shuga.

Adada anaiyang'ana mbaleyo nthawi yaitali.

"Wezi," anandinong'oneza, "kafunse ngati mwini wake mbuziyo akubwera, kapena ndiyambe ndekha."

Amayi Phiri anamva. Anatenga ntchafu ya nkhuku m'mbale mwawo n'kuiika pa letesi paja. "Idyani, achimwene. Munthu wolima mtedza wodzaza ngolo sangakhute maluwa."

Nyanjayo ndi yokongola, sindikana. Mitengo youma imatuluka m'madzi ngati manja, ndipo tinaona mvuu ndi njovu ziwiri m'mphepete. Adada anali osangalala ngati mwana. Anandiuza kuti mawa masana, akuluakulu a kampani akabwera, adzalandira setifiketi yawo atavala jekete, ndipo chithunzicho adzachipachika pabalaza moyang'ana khomo.

Sikisi koloko itakwana, boti itakocheza pa kachilumba kena, ndinapita kukhitchini. Wophika uja anandilandira mokondwa. Anadutsa filiji osaiyang'ana n'komwe, n'kukatsegula filiza yaikulu yonga bokosi. Anachotsa nsomba, anachotsa nkhuku, anachotsa zipande za ayezi, n'kupisa mkono mpaka paphewa.

"Ninaika pansi penipeni, mwana wanga, pamene pazizila maningi. Mankhwala ya bakulu siyosewela nayo."

Timabotolo tinali toyera ndi chisanu, mankhwala ali gwaa ngati mwala. Bamboyo sindinathe kumukwiyira. Anachita zimene mtima wabwino unamuuza. Ndinangofunsa ngati anaiona fomu ya Adada.

"Fomu? Izo zili ku ofesi ku Lusaka."

Ndinafumbata kabotolo kamodzi mpaka kanasungunuka. M'katimo munali timibulu tomatirira kugalasi ngati mkaka wosasa. Ndinathamangira kwa a Mwansa, amene anali pamwamba akuviika mapazi m'kadziwe kaja.

"Ikani chabe mu manzi yofunda," anatero. "Nyama timasungunula tsiku na tsiku, palibe anafa."

"Anesi anati akaundana ndiye kuti afa. Wachipatala wanu ali kuti?"

Anaitana wachipatalayo. Anali bambo yemwe ankatsegula mabotolo a mowa kuyambira masana. Anabwera ndi kabokosi kofiira, momwe munali pulasitala, mapiritsi a mutu ndi sizasi. Anayang'ana kabotolo kanga, anakazondotsa, kenaka anafunsa ngati amamwa ndi supuni.

Tauni inali kutali, ndipo a Mwansa anati kaboti kakang'ono ka injini sikayenda kukada chifukwa cha mvuu ndi zitsa. Adada anandigwira mkono. "Jakisoni mmodzi sindifa naye. Khala chete, ndife alendo."

Lachinayi m'mawa jagi ya madzi m'chipinda chawo inali itatha kachitatu. Milomo inali itauma, ndipo pomanga mabatani a jekete zala zinkaphonya mabowo. Ndinawayeza ndi kamakina kathu koyezera shuga, ndipo kanaonetsa nambala yomwe sindinaionepo chiyambire matendawa. Jakisoni wachiwiri analinso atawadutsa.

Ndinapitanso kwa a Mwansa. Anati kaboti kakonzedwa kale kukatenga akuluakulu, mwambo ndi wa masana, ndipo ukatha, mwina cha m'ma fili, tidzaona chochita. "Bamudala baoneka chabe bwino. Onani, bavala na jekete."

Adada anagwirizana nawo. "Wezi, anthuwa atichitira zonse. Tikayamba kudandaula adzati a ku Lundazi ndi osayamika. Ndipirira."

Kwathu ndikamawapatsa Adada madzi ndimagwada. Sindinawatsutsepo pamaso pa munthu, ngakhale pamaso pa nkhuku. Koma ndinayang'ana patebulo la chakudya cha m'mawa, pomwe anali atawaikiranso letesi, ulendo uno ndi kagawo ka lalanje, ndipo ndinaimirira. Ndinalankhula m'Chinyanja kuti alimi onse amve.

"Pepani akuluakulu nonse, ndine mwana. Adada anga sanabayidwe kuyambira dzulo m'mawa, chifukwa mankhwala awo aundana pansi pa nsomba. Tinalemba fomu, fomuyo ili ku Lusaka. Tinalonjezedwa wachipatala, wachipatalayo ndi uyo ali ndi chotsegulira mabotolo. Tsopano akuti tidikire chithunzi. Adada akuti apirira, koma wobaya ndine, ndipo ndikuti sapirira. Ndikufuna kaboti tsopano lino."

Adada anayang'ana pansi. A Mwansa anayamba kunena za ndondomeko, koma Amayi Phiri anavula chipewa cha kampani n'kuchiponya pambale ya keke.

"Iwe wa magalasi, tamvera. Bambowa akapanda kupita kuchipatala, chithunzi chako ujambule nsomba zija. Uziveke ndi zipewa zomwe."

Mlimi wa ku Petauke anavula chake. Wa ku Chadiza anavulanso. Zipewa zitafika zisanu ndi chimodzi patebulo, ndondomeko inasintha yokha, ndipo kaboti kanalira.

Ulendo wobwerera ku Siavonga unali wa madzi okhaokha kumaso. Adada anafumbata jekete kuti isanyowe. Ku chipatala anawaika diripu nthawi yomweyo. Nesi wina wamkulu anayang'ana timabotolo tathu pawindo, n'kupukusa mutu.

"Ndani anakana kubaya awa?"

"Ine."

"Unachita bwino. Mukanadikira mpaka madzulo tikanakamba zina."

Tinagona komweko. Lachisanu m'mawa dalaivala wa minibasi anabwera ndi chikwama chathu, setifiketi ili mu envulopu yopindika pakona, ndi ndowa yanga. Mchenga unali utauma, ndipo m'kambiya munali zitsekerero za mabotolo ndi zotsalira za ndudu. Anthu a filiji anali atakapezera ntchito. Ndinakatsuka pampopi wa chipatala, ndinanyowetsa mchenga, n'kuikamo kabotolo katsopano kamene nesi anatipatsa.

Kuchokera pamenepo Adada sanandilankhule. Ku Lusaka madzulo anangokweza malaya kuti ndiwabaye, atayang'ana kukhoma. Loweruka m'mawa chimodzimodzi. M'basi ndikawafunsa ngati akufuna madzi ankangogwedeza mutu. Tinadutsa Chongwe, Nyimba, Petauke, iwo maso ali pawindo, envulopu ili pachifuwa. Ndinadziwa kuti ndawalanda chithunzi chawo, ndiponso ndawaimika pamaso pa anthu ngati munthu wolamulidwa ndi mwana wake.

Ndinali ndi msewu wautali woganizira. Anzanga a kusukulu, mukadzapeza mwayi wa boti yotere pitani, nyanjayo ndi yoyenera kuiona. Koma pepala silidziwa kuyenda lokha kuchoka ku ofesi kupita kukhitchini. Zonse zimene munalemba mukazinenenso ndi pakamwa, kwa munthu amene adzagwire mphika ndi amene adzatsegule filiji, ngakhale akusekeni. Mankhwala onse musapereke m'dzanja limodzi. Cholakwa changa chinali cha Lachitatu, pomwe ndinakhala chete kuti ndioneke wa m'tauni. Cha Lachinayi sindichiwerengera, ngakhale chinkandipweteka kwambiri m'basimo.

Pa Chipata tinafika dzuwa litapendeka. Anthu anatsika kukagula zakudya, ife tinatsala pampando. Ndinali kufunafuna thonje m'chikwama pamene ndinamva mawu awo.

"NyaZimba."

Ndinacheuka kuyang'ana ngati ankhazi atichingamira, chifukwa kwathu dzina la mfunda chotero amaitanira amayi akuluakulu. Munalibe wina. Ankanena ine.

"Nthawi yakwana," anatero, akukweza malaya. Ulendo uno anandiyang'ana kumaso.

Nditamaliza anakonza malaya pang'onopang'ono, kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Wa magalasi uja, unamuona mmene anathamangira kukaitana kaboti? Mapazi osavala!"

Anaseka mpaka kutsokomola, ine ndikuseka ndi misozi yomwe. Basi itayamba kuloza ku Lundazi anandipatsa envulopu ija kuti ndiisunge.

"Amama ako ndikawauza ndekha," anatero. "Iwe ukayamba, ndiye kuti mudzi wonse uvula zipewa."