Masamba a Pamsewu wa ku Nambuma

Achinyamata a kuno kwa Kabudula akafuna kuyenda ulendo wautali wapansi amabwera kwa ine. Amati, "Aphunzitsi, inu miyendo yanu inayenda, tatiuzani." Ndimawauza ndithu, sindiwamana. Nsapato zatsopano zisiye kunyumba, vala zakale zomwe zinazolowera phazi lako. Nyamuka dzuwa lisanatuluke, chifukwa mtunda wa m'mawa sufanana ndi wa masana. M'thumba ikamo mtedza wokazinga ndi botolo la madzi. Ukasokera usafunse abambo a pabawo, aja amakulozera ndi mlomo maso ali pamasewera awo. Funsa amayi ochokera kuchigayo, iwo njira zachidule amazidziwa chifukwa amayenda atasenza. Munthu akakuuza kuti ndi pompa, khala pansi utafune kaye mtedza wako, kudakali kutali. Nthawi ya dzinja, dambo uliwolokere pamene pawoloka ng'ombe.

Amapita akuthokoza, ine n'kutsala ndikuwawidwa mtima. Malangizo onsewa ndinawatsata bwinobwino, osaphonya ngakhale limodzi, tsiku limene banja langa linatha.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsaru, ndipo tinkakhala m'nyumba ya pasukulupo. Mkazi wanga anali atabwerera kwawo, mudzi wina kuseri kwa Nambuma, atatenga mwana wathu wamkazi yemwe anali sitandade folo. Sindinamumenyepo mkazi ameneyo. Mowa sindimwa, chibwenzi ndinalibe. Mlandu wanga unali woti pakhomo sindinkapezeka. Kwaya ya kumpingo, ine. Komiti youmba njerwa za sukulu, ine. Maliro akagwa mudzi uliwonse wozungulira, woyambitsa nyimbo, ine. Mwana atadwala malungo mpaka kukomoka, mayi ake anamuberekera kuchipatala okha, ine ndili kumsonkhano wa mpingo. Anthu ankanditcha munthu wa anthu, ndipo dzinalo linkandikomera. Mkazi wanga ankati munthu wa anthu ameneyo amangomumva kwa anzake kumjigo.

Ankhoswe anapangana tsiku loti tikambirane. Ndinalephera, kunali mpikisano wa makwaya, ndipo ndinatumiza uthenga wopepesa ngati kuti ndalephera kumsonkhano wa makolo. Ndiye amalume ake a mkazi wanga, eni mbumba, anatumiza mawu omaliza: Loweruka, leveni koloko. Akapanda kufika, tidziwa kuti banja sakulifuna, mwana wathu tisamusungenso m'malere.

Nkhoswe yanga inali amalume anga. Iwo ananyamuka Lachisanu kuti akagone kwa achibale kufupi ndi kumeneko. Potsanzika anandiloza chala.

"Iwe, ulendo watha uja unandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ulendo uno ukachedwa usadzandiitanenso."

"Amalume, ndifika teni koloko isanakwane."

Ndinkanena zoona. Mkazi wanga ndinkamufuna. Masabata asanu ndi limodzi amene ndinakhala ndekha m'nyumba ija ndinaona zambiri zimene sindinkaziona. Ndinali nditakonza ngakhale mawu okanena, ndi kalata yosiya utsogoleri wa kwaya nditailemba kale, ili m'thumba la jekete kuti ndikaionetse pamaso pa onse.

Unali mwezi wa February. Njinga yanga inali itathyoka foloko, ndipo a njinga zamoto nyengo imeneyo amazungulira kutali pothawa matope, ena n'kukutula pakati panjira ati kutsogoloku sikupitika. Ndinadalira mapazi anga. Njira yachidule ndinkaidziwa, maola anayi basi. Jekete, tayi ndi nsapato zakutchalitchi ndinaziika m'jumbo, n'kuvala zakale. Kum'mawa kukungoyamba kufiira ndinali kale panjira.

Ulendo unayenda bwino, ndiye chimandipweteka n'chimenecho. Mvula inali itagwa dzulo lake koma tsikuli kunacha bwino. M'zigafa fodya anali thoo, fungo lake lili paliponse, ndipo chimanga chinali chitatalika kundiposa mbali zonse ziwiri za njira. Dambo lalikulu la panjirayo ndinaliwoloka thalauza nditapinda mpaka m'mawondo, osagwa. Pamene hafu eyiti imakwana ndinali nditadutsa theka la ulendo kalekale. Ndinkayenda ndikubwereza mawu anga okapepesa, mwina n'kumadziseka ndekha.

Nditatulukira pamsewu wa ngolo ndinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu. Maliro. Mwana aliyense kuno amadziwa: wa panjinga amatsika, wa chipewa amavula, wa galimoto amayenda pang'onopang'ono mpaka atadutsa masamba achiwiri. Mlendo wosadziwika akhoza kungodutsa mwaulemu, palibe amugwira. Ndinavula kapusi, ndinaweramitsa mutu, ndinachepetsa liwiro. Masamba achiwiri ndinkawaona uko, mwina mapazi zana okha.

"Aphunzitsi! Kodi si aphunzitsi a kwaya awa?"

Anali mkulu wa mpingo wa dera limenelo, bambo wa imvi amene tinaonana kumpikisano uja, womwe uja unandilepheretsa ulendo woyamba. Ukaitanidwa pamaliro sungayankhe uli chiimire pamsewu. Ndinapatuka. Anandipatsa malo pabenchi pansi pa mtengo pamene panakhala abambo, ndipo wina anayamba kundifotokozera mmene zovutazo zinachitikira, kudwala kwake, ulendo wa kuchipatala, zonse mwadongosolo lake. Ine ndinkangoti "pepani, pepani," maso ali padzuwa. Ndinapereka chipepeso changa m'mbale n'kuyamba kusuntha jumbo langa.

"Nanga ulendowu ndi wakuti, aphunzitsi?" anafunsa mkulu uja.

Abambo ngati makumi atatu anatembenuka kudikira yankho. Apa m'pamene ndinadzipha ndekha. Ndikanati, "Abambo anga, banja langa likutha leveni koloko," akanandinyamula okha kundiika panjinga. Ndikudziwa akanatero. Koma mwamuna sayanika za m'nyumba mwake pamaliro a eni, makamaka mphunzitsi, wa kwaya, amene amalangiza maanja a ena.

"Aa, ndikungokaona abale ku Nambumaku."

"Basi? Ndiye Mulungu wakutumani! Mlaliki wathu watsekeredwa ndi mtsinje, ndipo woyambitsa nyimbo wathu ndi mmodzi wa oferedwa. Mungotiyambitsirako ziwiri zitatu, bokosi likangofika tinyamuka. Abale saola, eti?"

Onse anavomereza kuti abale saola. Wina anawonjezera kuti maliro n'kulirana. Ndinatsegula jumbo, n'kuvala jekete ndi tayi zimene ndinasitira apongozi.

Ndinadziwerengera kuti ndikaimba mphindi makumi atatu, kenako n'kuthamanga, ndifika. Koma bokosi linkachokera kwa kalipentala wa kutali, pangolo, m'matope. Litafika, kunabwera uthenga wochokera kumanda woti adzukulu apeza madzi m'dzenje, ayamba kukumba pena. Nyimbo ziwiri zitatu zija zinakhala khumi. Amayi a kumpingo ovala zoyera ankandilandira mawu bwino kwambiri, ndipo nyimbo ikatha mkulu uja ankangondigwedezera mutu kuti ina.

Leveni koloko inandipeza nditaima kutsogolo kwa bokosi, buku la nyimbo lili m'manja. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Ndinasuzumira: amalume. Inasiya, inayambanso. Kachitatu amayi ena anayang'ana thumba langa. Kodi mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaizimitsa. Ndinaizimitsa kuti ndisachititse manyazi mwambo wa anthu amene sindinawaonepo chibadwire.

Kenako mkulu uja anandinong'oneza kuti mlaliki safika ndithu, ndipo iye mawu ake ndi osasa, ndigawireko anthu Mawu. Apa sindinganamizire munthu. Panali mpata. Ndikanamukokera pambali n'kumuuza zoona, iye yekha, kukhutu. Sindinatero. Ndipo chinthu chimene sindinauzepo munthu kwa zaka zonsezi ndi ichi: nditayamba kulalikira, zinandikomera. Khamu lonse lija linali chete, amayi akupukuta misozi ndi nsonga za zitenje, abambo akuvomera. Ndinamva mawu anga akufika mpaka kumsewu. Kwa kanthawi ndithu Nambuma ndinamuiwala. Ndinawachenjeza za kuzengereza, kuti munthu akonze zake nthawi idakalipo. Ine amene! Kalanga ine, chitsiru chovala tayi.

Wolalikira sachoka maliro asanaikidwe. Ndinatsogolera mpaka kumanda, ndinagwada m'dothi lonyowa lija popemphera, ndinadikira adzukulu akwirire, nkhata ziikidwe, oyankhula ayankhule. Titabwerera kumudzi anandigwira mkono kuti ndidye kaye. Pamenepo ndiye ndinakana, ndipo ndinamva wina kumbuyo akuti aphunzitsiwa ndi abwino koma ndi onyada. Nthawi inali itadutsa thu koloko.

Ndinathamanga. Munthu wamkulu, jekete lili pathupi, jumbo likuwuluka kumbali, ana akundiseka m'midzi. Ndinayatsa foni ndikuthamanga, amalume osayankha. Chidendene chinatupa, m'nthiti munkabaya, koma zimenezo zinalibe ntchito kwa aliyense.

Amalume ndinakumana nawo panjira yolowera kumudzi kwa mkazi wanga, akukankha njinga yawo kubwerera. Sanaime msanga. Anandidutsa kaye mapazi angapo.

"Amalume, kunali maliro panjira."

"A ndani?"

"A mudzi wina uko, anandipempha kuti..."

"Takudikira mpaka wani koloko. Anthu aja anapha nkhuku, ukumva? Anayala mphasa yatsopano. Mkazi wako anavala chitenje chimene unamugulira iwe, ndipo njinga iliyonse ikamadutsa ankadzutsa mutu. Amalume ake atafuna kutseka nkhani thwelofu koloko, mkazi wakoyo anapempha yekha kuti tidikireko pang'ono. Yekha! Ine ndikuimba foni, iwe n'kundizimitsira."

"Ndikawafotokozera."

"Ukafotokozera ndani? Anthu abalalika. Nkhani yatha, katundu wake adzatenga alamu ako sabata yamawa. Sukulu yonse ija unapita, nzeru zake ndi zimenezi?"

Anakwera njinga. Sanandiuze kuti tibwerere limodzi.

Ndinapitabe. Pakhomo pa apongozi panali zii. Mphasa inali itapindidwa, itatsamira khoma. Mkazi wanga anali pansi pa chigafa akusoka fodya, atavala kale zogwirira ntchito. Mwana wathu ndi amene anayamba kundiona. Anadzuka ngati athamange, kenako anayang'ana mayi ake, n'kulowa m'nyumba kukatenga mpando. Anauika patali pang'ono, pamene amaikira alendo, n'kugwada kundipatsa moni.

Mkazi wanga naye anandilonjera mwaulemu wonse. Anafunsa za kusukulu, anafunsa ngati mvula ikugwa kwathu. Ndikanakonda akanandilalatira, akanandigenda ndi chilichonse. Ndinatulutsa kalata ija m'jekete, itanyowa ndi thukuta, n'kunena kuti kwaya ndasiya. Sanailandire, manja ake anali ndi phula la fodya. Maso ake anali pa mawondo a thalauza langa, pamene panamatirira dothi lofiira.

"Ndinanyamuka m'mawa kwambiri," ndinatero. "Ndikulumbira, ndikanafika teni isanakwane. Koma ndinapeza masamba pamsewu, ndiye anandizindikira. Analibe mlaliki. Inunso mukudziwa mmene zimakhalira pamaliro."

"Ndikudziwa," anayankha. "Pepani ndi zovutazo, bambo a mwana. Ndiye anamwalira ndani?"

Ndinatsegula pakamwa. Dzina anandiuza pabenchi paja, ndipo analitchulanso powerenga mbiri ya malemu, koma ine nthawi yonseyo ndinkangoti m'bale wathuyu, m'bale wathuyu. Ndinafufuza m'mutu monse, osalipeza.

Anadikira yankho, singano ili m'manja. Kenako anatola tsamba lina la fodya, n'kuuza mwana kuti andiperekeze mpaka pamsewu dzuwa lisanalowe.