Kagalimoto ka Mkamwini

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anga anasiya kucheza ndi anthu oyenda pansi n'kuyamba kucheza ndi eni magalimoto okhaokha. Matipate anali atangolowa kumene, ine ndili sitandade folo. Esiteti ya fodya imene ankagwirako ukalaliki cha ku Namadzi inatsekedwa, ndipo anawapatsa kenakake kopumira pantchito. Amayi anati tigule malata, pakuti denga lathu la udzu linkadontha moti mvula ikagwa tinkathawira panja kukausa. Si zopeka izi, funsani aliyense wa kwathu kwa Nchema. Abambo anati agula galimoto.

Muyenera kudziwa kuti abambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Phalombe, kuseri kwa phiri. Pamudzi pathu munda, mitengo ya mango ndi ana awiri ife, ine Lufeyo ndi mlongo wanga Esinati, tonse tinali a amayi ndi abale awo. Amalume a Dayitoni, mlongo wawo wa amayi, atamva za galimoto anangoti, "Alamu, malata mukuwakana chifukwa alibe mateyala eti?" Abambo anangoseka.

Loweruka lililonse ankandikweza pa njinga kupita ku Namadzi kukafunsa nzeru kwa eni magalimoto. Woyamba anali Che Saidi a sitolo, amene anali ndi kagalimoto koyera kamene ankakapukuta ndi mpango wa m'thumba. "Kanga aka sikamwa petulo, achimwene, kamangonunkhiza," anatero. "Ndinathira tili m'chipani chimodzi. Lero zipani zafika pati? Mafuta ndi omwe aja." Ine ndinaliko, ndipo nkhope ya Che Saidi sinagwedezeke ngakhale pang'ono. Wachiwiri anali a Mpulula, amene ankabaya anthu jakisoni pachipatala cha mishoni. Iwo anati galimoto yaikulu ili ngati mitala, anthu amakusirira pamsewu koma mwezi ukatha umalira wekha. Amene anatsutsa anali dalaiva wa matola yekha, bambo wina wa chipikapu chotulutsa utsi ngati uvuni wa njerwa. Iye anafunsa abambo kuti m'kabokosi ngati ka Che Saidi adzanyamulamo chiyani, mbuzi imodzi ndi Baibulo? Abambo anati katundu wawo sachuluka.

Kagalimoto ka abambo kanabwera kuchokera ku Limbe, kogwirapo kale ntchito, kobiriwira ngati sopo wochapira. Ana a pamudzi anakatcha Machesi tsiku lomwelo. Kuchepa kwake ndikakuuzani muziti ndikunama. Abambo anali aatali, ndiye akakhala pa chiwongolero maondo ankawatseka makutu. Tsiku lina anayetsemulira m'katimo chitseko cha kumbuyo n'kutseguka chokha, ndinachita kukatseka ndine. M'kati munkanunkha petulo ndi pulasitiki wotentha wa mipando, amene ankamata kumbuyo kwa ntchafu ukavala kabudula. Za mafuta Che Saidi sananamize munthu. Komanso abambo anawonjezapo nzeru yawo: pofika pa mtsetse wotsikira kumudzi kwathu ankazimitsa injini, kagalimoto n'kumatsetsereka kokha mpaka pakhomo, kachetechete ngati mphaka. Nkhuku zambiri zinadziwa mochedwa.

Amayi anakwiya mwezi wathunthu. Koma Lamlungu loyamba limene tinapita kutchalitchi ku Mbombwe pa galimoto, anamanga duku latsopano n'kukhala kutsogolo, chigongono chili pa windo. Anzawo a chigwirizano akawakwezera mkono, iwo ankangogwedeza mutu pang'ono ngati mkazi wa nduna. Denga linapitiriza kudontha, koma tsopano mvula ikakula tinkakausa m'galimoto tonse anayi, tikudya chimanga chootcha, magalasi atachita nthunzi. Ndikafuna kukumbukira banja lathu lonse lili pamodzi, ndimaliona mmenemo.

Patapita zaka zochepa amayi anayamba kudwala. Anali masiku aja amene maliro ankachita kudikirana, ndipo matendawo anthu sankawatchula dzina. Machesi anaphunzira njira ya kuchipatala cha mishoni moti abambo akanatha kugona pa chiwongolero. Poyamba amayi ankakhala kutsogolo, akudandaula kuti miyendo ilibe powongolera. Kenako anayamba kugona pampando wa kumbuyo atapinda maondo. Pomaliza ankagona osapinda kwambiri, malo n'kutsalanso oti Esinati akhale kumutu. Kagalimoto kaja, kamene mudzi wonse unkakaseka kuchepa, kanayamba kuwakulira. Anamwalira nthawi ya chiperoni, nkhungu itaphimba phiri la Chiradzulu, nandolo asanakhwime.

Titameta, amalume ndi akuluakulu ena anaitana abambo kuseri kwa nkhokwe. Kwathu mkazi akamwalira mwamuna amasudzulidwa, ndiye kuti amamuthokoza n'kumumasula kuti abwerere kwawo. Ine ndinali m'khola la mbuzi, ndikumvetsera.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino," anatero amalume. Nawonso anali atalira sabata yonse. "Palibe mlandu pakati pathu. Njira ndi yoyera."

"Ndamva," anatero abambo. "Koma Lufeyo yekhayu, bwanji ndimutenge akaphunzire kwathu?"

"Alamu, tambala munamuonapo akuyenda ndi anapiye?"

Nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake analongedza sutikesi, bulangeti, wailesi ndi jekete la ku esiteti. Zonse zinakwana mu buti, ndipo buti ya Machesi inali yoti mukaikamo dzungu muyenera kusankha laling'ono. Mpando wa kumbuyo unali wopanda kanthu. Ine ndinaika yunifolomu ndi makope mu jumbo n'kukakhala pamenepo, chitseko ndatseka. Anthu anaima mozungulira. Abambo anatsegula chitseko n'kugwada pa dothi kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga.

"Tsika, bambo," anatero.

Ndinapukusa mutu.

"Kameneka ukukadziwa wekha, sikadya mafuta. Ku Phalombe n'kuti? Loweruka lililonse ndizibwera. Ukamayang'ana pamtsetse paja uzindiona."

Ndinatsika chifukwa cha mawu amenewo. Akanakhala ndi chipikapu cha matola sindikanawakhulupirira.

Ndipo ankabweradi. Chilimwe chonse Loweruka linkafika ndi mabanzi, nthawi zina ndi matemba a ku Chilwa okulunga m'nyuzipepala. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango ngati mlendo, pampando umene anakhoma okha, n'kumayang'ana makope anga. Vuto linali limodzi. Anzanga amene abambo awo ankabwera pa matola ankamva injini ili kutali. Ine ndinalibe choti ndimvere, pakuti Machesi ankatsika atazimitsidwa. Choncho Loweruka sindinkasewera mpira, sindinkapita kudambo. Ndinkakhala pa chulu cha m'mbali mwa msewu, maso ali kumtunda. Pakangochita bata, mbalame zikasiya kulira, ndinkaimirira poganiza kuti mwina ndi iwo.

Mvula itayamba, anayamba kudumphitsa. Apa m'pamene tinadziwa chimene eni magalimoto a ku Namadzi sanatiuze, chifukwa onsewo ankakhala m'mbali mwa tala: mimba ya kagalimoto kotere ili pansi ngati ya bakha. Msewu wa ku Phalombe nthawi imeneyo unali wa dothi, ndipo dzinja unkameza mathirakitala. Ndinamva kuti lina linatuluka lokha patapita zaka ziwiri, litamera mpunga. Tsiku lina Machesi anagunda mwala powoloka kamtsinje, oyilo yense n'kutayikira m'madzi. Uthenga unabwera ndi munthu wogulitsa nsomba kuti galimoto ikudikira sipeya wa ku Limbe. Amalume ankati sipeyayo ndi wovala chitenje, alamu apeza banja. Ine ndinkangopitabe pa chulu paja.

Anabwera komaliza mvula itatha, pa njinga yobwereka. Ndinawaona ali kumtunda koma sindinawazindikire, chifukwa ndinkayembekezera chinthu chobiriwira. Jekete la ku esiteti linkalendewera ngati lili pa msomali. Anakhala nthawi yaitali akutsokomola asanathe kupereka moni. Ndinawafunsa za Machesi. Anati akupuma pansi pa mtengo, nkhuku ikuikiramo mazira pampando wa dalaiva, ndipo ngakhale nkhukuyo ikudandaula kuti malo achepa. Ndinaseka, iwonso anaseka mpaka chifuwa chinawagwiranso. Amalume anawayang'ana, n'kulowa m'nyumba, kenako anatuluka ndi mpeni kukapha tambala. Za sipeya wovala chitenje sanazitchulenso. Madzulo anawaperekeza okha mpaka pamsewu waukulu, akuwakankhira njinga pachitunda.

Uthenga wa maliro a abambo unatipeza ataikidwa kale. Amene anatumidwa anadwala panjira, ndipo matelefoni a m'manja anali asanafike kwathu. Galimoto abale awo anagulitsa kwa munthu wa masipeya. Ine ndi Esinati tinalandira wailesi.

Masiku ano timagalimoto totere tadzaza paliponse. Mukaponya mwala pa Namadzi mugenda tiwiri, kachitatu n'kukuimbirani hutala. Aphunzitsi ali nato, anamwino ali nato, ndipo nanenso ndili nako kanga. Anyamata a ku ofesi akafuna kugula amabwera kudzandifunsa ngati sikadya mafuta, ine n'kumawayankha ngati katswiri. Ambiri a iwo agula mapuloti m'tauni, kumene kulibe amalume okuthokoza kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwana akasowa bambo ake amangoimba foni.

Msewu wa ku Phalombe anauthira tala. Chaka chatha ndinauyenda koyamba, ndili ndi imvi kale. Ndinanyamuka nditamwa tiyi, ndinafika dzuwa lisanatenthe. Ulendo umene unkatha mphamvu za abambo anga unali waufupi moti ndinachita manyazi. Msuweni wanga wina, amene anali kamnyamata pa nthawi ya malirowo, anandiperekeza kumanda ndi khasu. Mtanda unali wa mtengo, chiswe chinadya kalekale. Anaima pakati pa thengo akukanda mutu, n'kuloza mitumbira itatu yoyandikana. Anati ndi umodzi mwa imeneyi, koma asandinamize kuti ndi uti, chifukwa chaka chimenecho ankaika anthu motsatizana kwambiri.

Ndinavula jekete n'kulambula itatu yonse.